Ntchito yoona mapazi a agogo tiwapatse adzukulu

Kuno ku Bembeke, June akangolowa, zidendene zimayamba kung'ambika. Nkhungu imagona m'madambo mpaka dzuwa litakwera, mphepo yochokera kumapiri imaumitsa khungu, ndipo masiku ena udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, n'chifukwa chake abale athu a ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ngakhale tili m'boma limodzi, akabwera kumaliro m'miyezi imeneyi amachezera kunjenjemera. Ife tinazolowera. Madzulo timakoleza moto n'kuyandikiza mapazi, m'mawa timalowa m'madzi ozizira a kudimba kukathirira mbatata ya kachewere, posamba timakwecha zikang'a pamwala. Wachinyamata amapirira zonsezi popanda chomuchitikira. Nkhawa yanga ili pa okalamba.

Munthu akamakula khungu la kuphazi limauma, mafuta a kunsi kwa chidendene amene amatchinjiriza fupa amachepa, zikhadabo zimakhuthala n'kuyamba kupindikira m'mnofu. Pamwamba pa izi msana umakana kuwerama, maso nawo amayamba kuchita chidima. Amayi anga, omwe apitirira zaka 80, amasenda mbatata dengu lonse osadzicheka, ulusi amalowetsa pa singano pongofufuza ndi chala, koma kunsi kwa phazi lawo sangakuone ngakhale atayesetsa bwanji. Pakhoza kukhala munga, thuza kapena mng'alu wotuluka magazi, iwo osadziwa. Ndipo pali okalamba ambiri amene, kuwonjezera pa kusaona, samvanso kupweteka.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anali mlimi wa mbatata wodziwika m'mudzi mwathu. Matumba awo ankakwera malole pamsewu wa M1 kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Achipatala atawapeza ndi matenda a shuga anamva, mankhwala ankamwa, tiyi anasiya kuthira shuga. Ankangodandaula za dzanzi, kuti mapazi akumva ngati si awo, usiku akutentha, usana akuzizira. Usiku wina wa mu July anagona m'khitchini mapazi atalozetsa ku mbaula. Kutacha, phazi la kumanja linali ndi matuza kuyambira kuchala chachikulu mpaka pakati. Azakhali atafuna kuona, iwo anati, "Tasiyani mayi, sizikuwawa n'komwe." Anavala gambuti zawo, ulendo wa kudimba. Ankanena zoona, sizinkawawa. Chimene chinaulula kuti zinthu zaipa ndi fungo, ndipo pofika nthawi imeneyo chala chinali chitayamba kuda. Kuchipatala cha boma ku Dedza anawatumiza kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene madokotala anapulumutsa moyo wawo podula mwendo m'munsi mwa bondo. Anakhalabe ndi moyo zaka zingapo, koma kudimba sanapitekonso, ndipo munthu amene ankadyetsa mbumba yonse anatsala wa pakhonde.

Ululu uli ngati galu wa pakhomo: timadana naye akamauwa usiku, koma tsiku limene wangoti zii ndi limene mbala imalowa. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri amawononga minyewa imene imatumiza uthenga wa kupweteka ku ubongo. Imayamba kuwonongeka ndi minyewa yaitali kwambiri m'thupi, ndiye chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala za kuphazi n'kumakwera pang'onopang'ono. Shuga yemweyo amawononganso mitsempha ya magazi, moti bala likachitika magazi safikako okwanira kuti lipole, pomwe tizilombo timaswana mosavuta. Ndiye taganizirani munthu amene sakumva, sakuona, bala silikupola, ndipo akuliponda tsiku lonse m'gambuti yonyowa.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 pa 100 alionse anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufukuyo analekezera pa zaka 64. Amsinkhu wa amayi anga sanalowemo, chonsecho matenda awiriwa amachuluka munthu akamakalamba, ndipo munthu amatha kukhala nawo zaka zambiri asanayezetse.

Koma dzanzi si la shuga yekha. Kachasu wa zaka zambiri amawononga minyewa yomweyo. Kuchepa kwa vitamini B12 m'thupi kumachitanso chimodzimodzi, ndipo kumakonda okalamba komanso amene amwa mankhwala a shuga otchedwa metformin kwa nthawi yaitali. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amatha kubweretsa dzanzi, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi kapiritsi ka pyridoxine, komwe ena amakataya poganiza kuti n'kosafunika. Amene anayamba ma ARV m'zaka zoyambirira zija ankamwa mankhwala okhala ndi stavudine, omwe dziko lathu linadzawasiya, ndipo ena mwa iwo, omwe lero ndi agogo, dzanzi lija silinawachoke. Palinso khate. Akuluakulu a kuno amakumbukira odwala khate amene ankasamalidwa ku Mua, ambiri opanda zala. Sikuti matendawo ankathothola zala monga tinkauzidwira tili ana. Ankapha minyewa, munthu n'kumadzitentha ndi kudzivulaza osamva, mabala n'kumadya zalazo. Fodya yekha, kaya chingambwe kaya wa m'sitolo, amapanikiza mitsempha ya magazi, ndipo phazi lolandira magazi ochepa silichedwa kufa.

Malangizo a kuchipatala ndi osavuta kumva: mapazi azionedwa tsiku ndi tsiku. Funso limene silifunsidwa ndi lakuti aone ndani. Kwathu kuno nkhani imeneyi si yaing'ono. Ine ndinaleredwa kuti popereka madzi kwa abambo ndizigwada chapatali, maso pansi. Kuwagwira phazi n'kumalitembenuza sindikanayerekeza, ndipo iwonso sakanalola. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatukirana panjira. Mtengwa amaphika, amachapa, amatereka madzi kubafa, koma sangakhale pansi n'kuika phazi la apongozi ake aamuna pamwendo. Ana aamuna ambiri ali kutauni kapena ku Johannesburg, amatumiza ndalama pafoni n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji amayi?" Yankho limakhala limodzi: "Tadzuka bwino." Mwamuna ndi mkazi wake akanathandizana, koma onse awiri maso ndi omwewo, msana ndi womwewo, ndipo ambiri anatsala okha. Ulemu umenewu ine sindiunyoza, ndi umene unatimanga. Koma uyenera kuti utisiyire khomo lolowera, ndipo khomolo makolo analisiya kale.

Mdzukulu alibe malire amenewa. Agogo aakazi amatchula mdzukulu wawo wamwamuna kuti mwamuna wanga, agogo aamuna amatchula wamkazi kuti mkazi wanga, amanyogodolana, amadyera mbale imodzi. Ife tikukula, amene ankazula imvi, kukanda kumsana ndi kuchotsa matekenya agogo tinali adzukulu. Palibe amene ankaona chachilendo. Ndiye ine ntchitoyi ndinaipereka kwa chitsirizira wanga, mtsikana wa Sitandade 7. Akaweruka kusukulu, dzuwa lisanapendeke, amatenga beseni n'kukakhala pamkeka pakhonde. "Agogo, bweretsani mapazi." Masiku oyamba amayi ankakana, amati, "Iwe, mapazi angawa akulakwira chiyani?" Lero akachedwa amachita kumuitana okha. Chimene ine ndikanachita mwamanyazi, amayi nawo akuchita manyazi, iye amachita akuseka, uku akuwafotokozera za kusukulu.

Zochita zake si zambiri. Madzi amayamba wawayesa ndi chigongono chake, chifukwa phazi la dzanzi silingaweruze kutentha, ndipo madzi amene agogo akuti ali bwino akhoza kukhala owotcha. Amasambitsa ndi sopo wamba, osaviika nthawi yaitali. Ambiri timakonda kuviika mapazi m'madzi otentha a mchere kwa ola lathunthu, koma kutero kumafewetsa khungu mopitirira, likauma limang'ambika kuposa kale. Akatha amapukuta ndi kansalu koyera, makamaka m'mipata ya zala, mmene chinyontho chimabisala n'kuyambitsa linyetsu. Kenako amayang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chala chimodzichimodzi, pakati pa zala, kunsi, m'mbali, kuchidendene. Akufuna mng'alu watsopano, thuza, malo ofiira kapena akuda, malo otentha kuposa phazi linalo, kadontho kakuda ka thekenya. Pomaliza amapaka Vaseline kapena gilisalini kuchidendene ndi pamwamba, koma osati m'mipata ya zala. Akaona chachilendo sagwira, amadzandiuza.

Pali kayezedwe kena kosafuna chida chilichonse, komwe madokotala a ku Ipswich ku England anakonza kuti ngakhale achibale azitha kuchita kunyumba. Wokalambayo amatsinzina. Woyeza amakhudza pang'ono ndi nsonga ya chala chake, kwa sekondi imodzi kapena awiri, pansonga ya chala chachikulu cha kuphazi, chapakati ndi chaching'ono, mapazi onse awiri, osakanikiza kapena kukanda. Wokalambayo amanena kuti "eya" akamva. Ngati pa zala 6 zimenezi sanamve ziwiri kapena kuposerapo, ndiye kuti phazilo lataya mphamvu yodzichenjeza, ndipo achipatala ayenera kudziwa. Mwana wa pulayimale amatha kuchita zimenezi, ndipo agogo amazitenga ngati sewero.

Chimene sindimulola mwanayo, ndipo sindilola aliyense pakhomo pano, ndi lezala. Lezala ndi limene timawengera zikhadabo, kusenga khungu lolimba la kuphazi, kutumbula matuza. Pa phazi la mwana bala la lezala limapola m'masiku ochepa. Pa phazi la munthu wa shuga likhoza kukhala chiyambi cha ulendo wa atsibweni. Zikhadabo ndimawenga ndekha ndi chowengera, akangotha kusamba pamene zili zofewa, mowongoka, osakumba m'makona, chifukwa kukumba m'makona ndi kumene kumachititsa chikhadabo kumera cholowa m'mnofu. Chikhadabo chokhuthala kwambiri, chachikasu, chimene chowengera chikukanika, ndi bwino kungochipala pang'onopang'ono kapena kupita nacho kuchipatala. Mwala wokwechera uja sindinautaye, koma ndi wa amene mapazi awo akumva bwino, ndipo ngakhale iwowo azikwecha mopepuka, osati mpaka kuoneka kofiira. Matekenya nawo tisamachotse ndi munga kapena pini wa dzimbiri. Kabowo kamene kamatsala ndi njira ya kafumbata, ndipo agogo ambiri, makamaka aamuna, katemera wa kafumbata sanabayitsepo kapena anabayitsa kalekale.

Nkhani ya mphini ndiyovuta kuikamba, koma ndiikamba. Mapazi akachita dzanzi kapena kutupa, ambiri timaganiza kuti munthu waponda mankhwala, ndipo chotsatira ndi kutemera. Sindikufuna kulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Ndikungoti phazi lotupa kapena la dzanzi ndi phazi limene silipola msanga, ndipo kulicheka malo khumi n'kupakamo phulusa ndi kutsegula makomo khumi. Chimodzimodzinso kutsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pabala, kapena kumanga bala ndi masamba n'kudikira sabata. Ngati banja lagwirizana zopita kwina, apite, koma phazilo lisachekedwe, ndipo kuchipatala kukhale koyamba.

Tsopano nsapato. Ana a kutauni timawayamikira, amakumbukira makolo, pa Khirisimasi amabwera ndi nsapato za pa kaunjika zooneka bwino. Vuto ndi lakuti amagula pongokumbukira nambala imene amayi ankavala kale. Phazi la wokalamba limasintha: limatambasuka, zala zimapindika, fupa la m'mbali mwa chala chachikulu limatuluka. Ndipo kholo silingakane mphatso ya mwana. Lidzavala nsapato yothina kupita nayo kutchalitchi, makilomita angapo, n'kubwerako ndi thuza, osanena kanthu poopa kukhumudwitsa wogula. Njira imene ndinapeza ndi iyi: agogo aime chilili pa katoni, madzulo pamene mapazi amakhala atatupirako, mdzukulu azungulize phazi ndi pensulo, mudule katoniyo. Kachidutswa kameneko ndi kamene kazipita kumsika. Kakakana kulowa mu nsapato, kapena kakapindika m'mbali, nsapatoyo si yawo, ngakhale itakongola bwanji. Kutsogolo kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Ikhale yotseka, yofewa mkati, yomanga ndi zingwe kapena zomata, yachidendene chachifupi ndi kunsi kosaterera. Yatsopano ayambe kuivala kanthawi kochepa pakhomo, kenako mapazi aonedwe.

Patapata ndi wotchipa ndipo aliyense ali naye, koma kachingwe ka pakati pa zala kamadya khungu, chidendene chimakhala pamtunda, ndipo pamatope a Dedza amaterera. Wokalamba akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ambiri sadzukanso pamphasa. Nsapato za pulasitiki ndi gambuti zimasunga thukuta. Kudimba gambuti ndi yofunika, sindikana, koma ivalidwe ndi sokosi ndipo ikavulidwa iyanikidwe chozondoka. Ndipo nsapato iliyonse, asanavale, wina alowetsemo dzanja. Kamwala, njere ya chimanga, msomali wotulukira kunsi, munthu wa dzanzi akhoza kuyenda nazo tsiku lonse. Amayi anakulira kuyenda chosavala, ndipo mpaka lero amati nsapato ndi za ulendo. Pamenepa timakanganabe. Ndinapambanako pang'ono powagulira nsapato za nsalu zopepuka zoti azivala pabwalo, pamene pamakhala minga, zitsononkho ndi makala ogwa pa mbaula.

Za moto sindingauze munthu wa ku Dedza kuti asiye kuotha. Chimene tinachita ndi kusintha kakhalidwe. Amayi amakhala cham'mbali, moto uli kumanja kwawo, osati kumapazi, ndipo sagona pafupi ndi moto ngakhale kuzizire bwanji. Usiku amavala sokosi zokhuthala zopanda lamba wothina. Ndimasankha zowala, chifukwa pa sokosi yoyera kadontho ka magazi kapena mafinya kamaoneka pochapa. Njerwa yotenthetsa pamoto kapena botolo la madzi otentha kumapazi, zomwe ena amaika m'bulangete, kwa munthu wa dzanzi n'zoopsa mofanana ndi mbaula.

Pali zinthu zimene sizidikira tsiku la msika kapena kuti mwana atumize ndalama kumapeto a mwezi. Bala la kuphazi limene likununkha kapena kutuluka mafinya, kufiira kumene kukufalikira, phazi lotentha ndi lotupa, chala chimene chasintha mtundu n'kuyamba kuda, phazi limene lazizira ndi kuyera mwadzidzidzi uku likuwawa, munthu wa bala amene wayamba kutentha thupi: zimenezi ndi za tsiku lomwelo. Kwa munthu wa shuga, ngakhale kabala kakang'ono kosawawa kaonedwe ndi achipatala mosachedwa. Ndipo asapite wapansi akuponda balalo. Ndalama ya kabaza ndi yochepa poyerekeza ndi zimene banja limawononga podikirira wodwala ku Lilongwe.

Kutupa kwa mapazi onse awiri kuli ndi zifukwa zambiri. Mwina ndi mtima, mwina impso, mwinanso mankhwala a BP otchedwa amlodipine, omwe amatupitsa akakolo mwa anthu ena. Amayi zinawachitikira. Sitinasiye mankhwala patokha, tinapita ndi buku lawo la kuchipatala, adokotala anaona n'kusintha. Mwendo umodzi wokha ukatupa n'kumawawa, imeneyo ndi nkhani ina yofunika changu. Palinso kupweteka kwa katumba kumene kumabwera munthu akayenda kamtunda n'kuleka akaima. Ambiri amati ndi ukalamba chabe, koma kawirikawiri ndi chizindikiro choti magazi sakufika mokwanira kumiyendo.

Pa tsiku la kiliniki ya shuga ndi BP mzere umakhala wautali, ndipo dokotala mmodzi amaona anthu ochuluka. Ine ndimati tikangolowa m'chipinda, amayi asanakhale n'komwe bwinobwino, ndimawavula nsapato ndi sokosi. Phazi likakhala poyera, dokotala amaliyang'ana, amagwira pamwamba pake kuti amve kugunda kwa magazi, amafunsa za dzanzi. Amayi poyamba ankaona ngati ndi mwano kuvula nsapato pamaso pa adokotala. Ndinawauza kuti, "Amayi, amenewa anaphunzira kuti aziona zomwezi." Munthu wa shuga amayenera kupimidwa mapazi ndi achipatala kosachepera kamodzi pachaka, ndipo amene ali kale ndi dzanzi kapena anakhalapo ndi bala, pafupipafupi kuposa apo.

Wina asamve ngati ndikuti okalamba azingokhala pamkeka poopa kuvulala. Kuyenda ndi kumene kumayendetsa magazi m'miyendo ndi kulimbitsa akatumba amene amateteza munthu kuti asagwe. Amayi amapitabe ku Misa wapansi, ndodo ili m'manja, amakazondanso anzawo odwala kutsidya kwa dambo. Akakhala pansi nthawi yaitali, monga pamaliro, ndimawakumbutsa kuti azitambasula miyendo, azizunguliza akakolo ndi kupinda zala, ndipo madzulo amatsamiritsa mapazi pa kampando. Mwezi wamawa mtsikana wanga akupita kwa azakhali ake ku Ntcheu kukakhala tchuthi chonse, ndiye sabata ino akuphunzitsa msuweni wake wa Sitandade 5 kayesedwe ka madzi ndi kapukutidwe ka m'mipata ya zala. Zowenga zikhadabo zikhalabe m'manja mwanga.